A Mphuno ndi Kawaya Kakuda

Amuna anga amakonza makompyuta, ndipo msewu wonse umawatchula kuti a Mphuno. Dzinali si lachipongwe, ngakhale kuti mphuno yeniyeniyo nayo Mulungu sanawamane. Analitenga chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Munthu akabwera ndi kompyuta yakufa, iwo sayamba ndi mafunso. Amamasula chivindikiro, n'kulowetsa nkhope yonse m'katimo, n'kununkhiza ngati galu amene wapeza una. Kenako amaweramuka n'kunena kuti, "Apa panapsa dzulo," kapena, "Apa papsa mawa."

Ndinakwatiwa nawo akukonza mawailesi. Mawailesi atachepa anasamukira ku ma TV, ndipo ma TV atayamba kubwera opyapyala osatseguka, anagwira makompyuta. Kusukulu ya zimenezi sanapondeko. Zaka makumi atatu tsopano tikugawana chipinda chimodzi cha renti, chodula pakati ndi katani. Ine ndimasoka kutsogolo, pafupi ndi chitseko pamene pali kuwala. Iwo amakhala kumbuyo, pa tebulo lalitali lodzaza zitini za masikuluu ndi mawaya amene sanatayepo ndi umodzi womwe chikwatirane.

Pa zaka zonsezi anandiphunzitsa fungo lililonse, ndingafune ndisafune. Fumbi likatentha limamveka ngati chipinda chimene chakhala chotseka mwezi wathunthu, ndipo limenelo silowopsa. Kachipangizo kakaphulika m'kati kamanunkha ngati nsomba yoyamba kuwonongeka, ndiye kuti kompyuta yadwala. Koma waya ukayamba kusungunuka, fungo lake la pulasitiki limakanda kukhosi. "Limenelo mukalimva, mayi, musandiitane," ankatero. "Zulani pulagi kukhoma, mundiitane pambuyo pake."

Anali ndi lamulo limodzi limene sankaliswa. Kompyuta sinkatuluka mu shopu isanadutse ola la mphuno. Ankaiyatsa, kuipatsa ntchito yolemetsa, n'kukhala pambali pake ola lathunthu, uku akuwerama pafupipafupi kuseri kumene fani imatulutsira mpweya. Manambala olembedwa pa mabokosi sankawawerenga n'komwe. Ankati amenewo amalemba ndi anthu ofuna kugulitsa katundu. Ine ndinkawaseka kuti akungobisa kuti maso anayamba kuwavuta, koma pansi pa mtima ndinkanyadira, chifukwa pa zaka zonsezo palibe amene anabwerera kudzadandaula za moto.

Mwana wathu wachisamba, wamkazi, amajambula mapulani a nyumba. Chibadwire mwana wake wamkazi, amene pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, amagwirira ntchito kunyumba kwake, kutsidya lina la tauni. Kompyuta yake ndi yakale, ija bambo ake anamulumikizira akupita ku koleji. Masiku ano omangitsa nyumba sakhutira ndi mizere. Amafuna chithunzi cha nyumbayo ngati yamangidwa kale, dzuwa likuwala pa mawindo, ndipo kompyuta yakaleyo ikapatsidwa ntchito yotere inkangokwawa. Tsiku lina Lolemba anatulukira ku shopu, kompyuta kukhwapa, ndi bokosi la khadi la zithunzi. Limeneli ndi chipangizo chimene chimasenza ntchito yonse yojambula, chachitali ngati nsapato ya munthu wamkulu, cha mafani ake awiri.

"Ababa, pa bokosipa alemba kuti limafuna pawa sapulayi ya mawatsi 450," anatero. "Yangayi ndi ya angati?"

Pawa sapulayi ndi kabokosi kachitsulo kamene kamalandira magetsi a kukhoma n'kuwagawira ziwalo zonse za m'kati. Pambali pake pamakhala kapepala kolemba mphamvu zake. Bambo ake sanakayang'ane n'komwe.

"Iwe jambula nyumba zako. Ine ndinakufunsapo kuti khoma limafuna njerwa zingati?"

"Ndangofunsa, ababa."

"Kompyuta iyi ndimaidziwa kuposa mmene ndimakudziwira iwe."

Khadilo linalowa movutikira, mpaka anachita kusuntha mawaya ena kuti likwane. Atayatsa, mafani anazungulira koma sikirini inangoti bii, kompyuta n'kulira katatu. Vuto analipeza msanga. Khadi lalikulu chonchi silikhuta magetsi a pamalo pamene limakhazikika. Lili ndi kapulagi kake ka timaenje tisanu ndi kamodzi kofuna waya wakewake, ndipo pawa sapulayi yakaleyo inalibe waya wotere. Njira yoongoka inali kuisintha. Koma ya kompyuta imeneyi ndi yamtundu wautali wowonda, yosapezeka m'mashopu a pafupi, ndipo kuitanitsa kukanatenga masabata awiri. Mwanayo zithunzi ankafunika kupereka Lachisanu.

Apo ndi pamene a Mphuno anakhuthula chitini chimodzi n'kutola kawaya kakuda, kafupi ngati chala. Mbali imodzi kankalowa pa waya wodyetsa diski, chija chosunga mafayilo, mbali inayo pa khadi. Atayatsanso, chithunzi chinabwera, mwana n'kuwomba m'manja. Ataipatsa ntchito yolemetsa, kompyuta inayenda mphindi zingapo n'kuzima yokha, thi! Iwo anati ndi fumbi. Anapemerera, n'kukanikiza zolumikizira zonse, n'kuyatsanso, ulendo uno sinazime. Ola la mphuno linayamba. Ndili pa mashini anga ndinaona kuti akuwerama kawirikawiri kuposa masiku onse, mphuno ili pafupi kukhudza chitsulo. Ndinaganiza kuti ndi chikondi cha bambo pa mwana wake.

"Zili bwino," anatero ola litatha. "Nyamula."

Lachitatu mwanayo anandiimbira foni akusangalala. Anati ntchito imene inkatenga tsiku lonse tsopano ikutha m'maola anayi, iye amangoisiya ikudzipangira. Anatinso mafani a khadilo amalira mosalekeza ngati mvula yowaza, ndipo mwana wake akawamva amagona tulo tofa nato, moti kabedi kake wakasunthira m'chipinda chomwecho, pambali pa tebulo. Mawa lake ankapita kukaona nyumba imene ikumangidwa. Anati kompyuta aisiya ikupanga zithunzi zomaliza, ndipo mwana atsala ndi asewere anga, amayi a mkamwini wathu. Ndinaseka nawo, n'kunena kuti agogo ake apanga mlezi wa magetsi.

Lachinayi cha m'ma leveni ndinkasita kolala ya malaya. Kasitomala wina anandiitanira panja kuti tione mtundu wa nsalu padzuwa, ndipo ine, pakamwa panga mukupadziwa, ndinaiwala simbi ili chigonere pa kansalu. Tinacheza za nsaluyo, za mwana wake, za mano ake. Fungo linandipeza ndili pamsewu. Ndinathamangira m'kati n'kupeza simbi yabowola kansalu, yalowa mu bulangete la pansi, utsi wafika kudenga. A Mphuno anali mapazi awiri kuchokera pamenepo, katani ili yotsegula, atafulatira, akuimba kanyimbo m'kamwa uku akumanga sikuluu.

Ndinazula pulagi, n'kuponya bulangete panja. Kenako ndinaima kumbuyo kwawo.

"Bambo, simukumva?"

"Kumva chiyani?"

Anatembenuka akumwetulira. Ataona utsi, kumwetulirako kunachoka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo pa nkhope imeneyo. Amuna anga anali ndi mantha, ndipo moto anali atauiwala kale. Ankaopa ine.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Chimfine chija cha nthawi yozizira."

"Miyezi isanu!"

"Ndimati ibwerera, mayi. M'mawa uliwonse ndimanunkhiza sopo wanu, ndimati mwina lero."

Zinthu zinayamba kulumikizana m'mutu mwanga. Anali atasiya kudandaula za ngalande ya kuseri kwa shopu, imene ankaitukwana tsiku lililonse. Mkaka wowonongeka anaumwa tsiku lina osatsinya nkhope. Ine wopusa ndinkati ukalamba wawafewetsa mtima.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanena, ndikhala ndani pamsewu pano? Munthu wa dzina la Mphuno wopanda mphuno?"

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, ndipo mawu anali atadzaza kale m'kamwa. Koma asanatuluke, ndinakumbukira Lolemba.

"Bambo. Kompyuta ya mwana ija. Ola lonse lija munamva chiyani?"

Sikuluu imene inali m'manja mwawo inagwa pansi n'kugudubuzika mpaka kunsi kwa tebulo.

"Ndakufunsani!"

"Kawaya kaja ndi kodyetsa diski," anayankhula ngati akudziuza okha. "Diski imadya pang'ono. Khadi lija likagwira ntchito yolemetsa limakoka kangapo kuposa pamenepo. Kapulagi kamatentha pang'onopang'ono, pulasitiki n'kufewa, timazitsulo ta m'kati n'kukhudzana. Ndimaika timawaya totere zaka zonsezi, koma ndimakamva kakayamba kutentha, ndimakachotsa. Ndipo inazima yokha ija, mayi, inali ikundiuza. Ine ndinati fumbi."

"Mdzukulu akugona pambali pake. Lero yayaka kuyambira m'mawa."

Ndinaimbira mwana wathu. Foni inaitana mpaka kuduka, kachiwiri, kachitatu. Kumalo omanga amaisiya m'chikwama chifukwa cha fumbi ndi phokoso. Ndinaimbira asewere, ngakhale ndinkadziwa kuti foni yawo imakhala yokulunga m'kampango pansi pa pilo, kuti isathe msanga. Mkamwini anali paulendo wakutali ndi lole yake. Ndinakuwira ometa tsitsi a khomo loyandikana kuti ationere shopu, ndipo tinatuluka, ine tepi yoyezera ili m'khosi, iwo patapata kuphazi.

Pa siteji minibasi inali ndi anthu atatu okha, kondakitala akutafuna chotokosera m'mano ngati dziko ndi la bambo ake. Sitikanadikira. Ine ndinalumbira kalekale kuti njinga yamoto sindidzakwera mpaka kufa, koma tsiku limenelo ndinaikwera motangadza miyendo, diresi n'kulikwinyira m'mwamba, manyazi nditawasiya pa siteji. Ndinauza woyendetsa kuti athamange, ndipo atathamanga ndinamuuza kuti akuchedwa.

Njira yonse maso anga anali kumwamba, kumbali imene kuli nyumba ya mwana wathu, kufunafuna utsi. Titadutsa mlatho ndinauona, wakuda, ukukwera mowongoka. Ndinagwira jekete ya woyendetsa mwamphamvu. Titayandikira ndinapeza kuti ndi munthu akuwotcha matayala kuseri kwa galaja. Ndinamutukwana mumtima munthu wosalakwayo. Ndinayesa kupemphera koma pemphero silinkatha, linkangobwerera pa mawu amodzi omwewo, akuti mwana, mwana. Ndinkaona katani ya m'chipinda chija, yaitali yofika pansi, imene ndinaisoka ndekha, ya nsalu yopepuka imene moto suifunsa kawiri. Amuna anga anali pa njinga ya kutsogolo, ndipo msana wawo unkaoneka waung'ono ngati wa munthu wina.

Geti linali lokhoma. Tinamenya ndi manja, ndi mwala, tinakuwa, koma kuseri kwa nyumba wailesi ya asewere inali pamwamba ngati masiku onse. A Mphuno, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi amene amabuula akamamanga zingwe za nsapato, anakwera mpanda. Buluku linang'ambika, patapata imodzi inatsalira kunja, ndipo ndinamva akugwera m'kati ngati thumba. Anatsegula geti akutsimphina.

Asewere anatulukira pakona, thovu lili m'manja mpaka m'zigongono.

"Asewere, kwagwanji?"

"Mwana ali kuti?"

"Akugona, ndamutsekera kuti wailesi isamudzutse. Kodi kwachitika chiyani?"

Tinalowa pakhomo la kukhitchini, n'kudutsa pabalaza. Tili m'kanjira kopita kuzipinda, amuna anga anaima mwadzidzidzi n'kundigwira mkono. Anakoka mpweya ndi mphamvu, kawiri, mphuno ikutukuka monga ndinaizolowera zaka zonse. Kenako anandiyang'ana ndi maso a munthu wopempha.

"Mayi, mukumva chiyani?"

Ndinali nditalimva kale. Linali litandikanda kukhosi ndili pabalaza.

"Pulasitiki."

Anakankha chitseko. M'chipindamo munali motentha, mawindo otseka, mafani akulira ndi mphamvu zawo zonse. Pa sikirini panali nyumba yokongola ya mawindo akuluakulu, itajambulika theka. Katani yanga ija inali itatsamira kuseri kwa kompyuta, ikugwedezeka ndi mpweya wotuluka m'menemo. Utsi sunkaoneka kwenikweni, kunali kankhungu chabe pamene kuwala kumalowera. Ndipo m'kabedi, pafupi moti ukanatambasula mkono n'kukhudza tebulo, mdzukulu wanga anali chafufumimba, nkhope itatembenukira kukhoma, osagwedezeka.

Ndinene zoona, ndinalephera kumugwira. Ndinaima pamenepo manja ali m'mwamba, ndikuyang'ana kamsana kake kuti ndione ngati kakukwera ndi kutsika, koma maso anali atadzaza misozi ndipo sindinkaona kanthu. Amuna anga anagwada n'kuzula pulagi kukhoma ndi mphamvu moti soketi inatsala pang'ono kutuluka nayo. Mafani anazungulira pang'ono n'kuima. M'chipinda munangoti zii.

Bata limenelo ndi limene linamudzutsa. Anagwedeza kamwendo, n'kudzutsa mutu, n'kuona nkhope zitatu zikumuyang'ana, ndipo anatsegula kukamwa n'kulira mokwiya kuti ndani wazimitsa mvula yake. Ndinamunyamula n'kuthamangira naye panja, ndikulira kuposa iye. Asewere ankatitsatira akufunsabe kuti kwagwanji.

Kompyuta amuna anga anaitulutsira pakhonde. Atamasula chivindikiro, fungo linatuluka moti asewere anatseka mphuno ndi nsalu, koma a Mphuno nkhope yawo inali m'katimo osamva kanthu. Kapulagi ka kawaya kakuda kaja kanali katafufuma, katasanduka kofiirira, ndipo atakakhudza kanamatirira ku chala ngati chingamu. Waya umodzi unali utavuka, mkuwa uli poyera, kutsala kadanga kakang'ono kuti ukhudze unzake. Anakhala pansi pa simenti, chala chopsacho ali chigwirire.

Mwana wathu anafika patatha ola, atapeza kuti ndamuimbira kakhumi ndi kanayi. Analowa pageti akuthamanga, chipewa cha kumalo omanga chili kumutu, n'kulanda mwana m'manja mwanga. Ndinkafuna kufotokoza ine kuti ndiwachepetsere, koma amuna anga anakweza dzanja. Anamuuza okha zonse, za chimfine, za miyezi isanu, za ola limene ananunkhiza osamva kalikonse n'kunena kuti zili bwino. Anamuonetsa kapulagi kaja.

Mwanayo sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anayang'ana kapulagiko nthawi yaitali, kenako anati, "Ababa, ndinakufunsani za manambala."

"Unandifunsa."

"Ndi ya angati?"

Iwo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa magalasi amene amavala akaganiza kuti palibe akuwaona. Anawerama pa kapepala ka pa pawa sapulayi, chala chikutsata mizere.

"240," anatero chapansipansi.

Kenako amuna anga ananena kuti khadilo alichotsa lero lomwe, ndipo silibwereramo mpaka pawa sapulayi yoyenera itafika, ya waya wakewake, ngakhale zitenge mwezi. Anati manambala adzawerengera limodzi ndi iye papepala, ndipo ola la mphuno adzakhala pambali ndine, ngati ndingalole. Anatinso mawa ayamba kuyendera onse amene anawakonzera chiyambire chimfine chija, khomo ndi khomo, n'kukawauza zoona. Mwanayo anati zithunzi akamalizira kwa mnzake. Anayankhula osawayang'ana, ndipo analowa m'nyumba kukatsegula mawindo.

Atatuluka anaima pakhomo kwa kanthawi. Bambo ake anali akadali pansi, buluku long'ambika, phazi limodzi lopanda patapata, bondo likutuluka magazi. Sindikudziwa chimene anaona. Anayenda n'kuwaikira mwana pamiyendo.

Chibadwire mdzukuluyu, agogo ake akamunyamula amayamba ndi kuika mphuno pa liwombo. Anachitanso chimodzimodzi, mwa chizolowezi. Anakoka mpweya wautali, maso ali otseka, n'kukhala choncho. Atatsegula maso anandiyang'ana.

"Mayi, akununkhira bwanji?"

Ndinagwada pambali pawo n'kuika mphuno yanga pamene panali yawo.

"Mkaka," ndinatero. "Ndi sopo uja wa ana. Ndi kathukuta ka tulo."

Anagwedeza mutu, n'kumukumbatira mwamphamvu mpaka mwana anadandaula. Sindinawauze kuti tsitsi lake lonse linkanunkha pulasitiki.